Anangozo, Mzamba Amene Anakana Kusaina

Abusa atanena kuti Anangozo anali mayi wofatsa, wokonda mtendere, ine ndinatsala pang'ono kudzuka pabenchi. Wofatsa? Anangozo ake ati? Bokosi lili pomwepo kutsogolo likudikira ndege ya ku Lilongwe, ife n'kumanamizira munthu amene moyo wake wonse sanapsatirepo mawu. Ndinamwaza maso m'tchalitchi muja, amayi akugwedeza mitu, ena mpaka ameni wokweza. Amayi omwewo, ine ndemwe ndili momwemo, amene chaka chathachi tinkawoloka msewu tikaona Anangozo akubwera poteropo ndi chikwama chawo.

Ndiye lekani ndinene ine, poti amene anapatsidwa mpata wolankhula pamaliro anasankha kupaka mafuta. Anangozo sanali ofatsa. Anali a makani, a liuma, osagonja ngakhale pa nkhani ya mchere wa m'ndiwo. Liuma lawolo ndi limene linachititsa kuti mtsikana wina dzina lake Tadala asavulidwe zovala pamaso pathu kuti aloledwe kusewera mpira wa manja. Liuma lomwelo linamudyera Tadalayo chaka chonse cha masewero, pamodzi ndi mwayi umene sunabwerenso. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo wofuna kuwakumbukira Anangozo asenze zonse.

Anali mzamba wopuma ntchito. Anayambira kumudzi, m'zipatala za mishoni, kenaka anabwera kuno ku Leicester pamodzi ndi manesi oyambirira kuchokera kwathu, n'kupitiriza kuthandiza amayi kuchira mpaka mawondo anakana. Anzawo onse atapeza bwino anasamukira ku Evington, kunyumba za kapinga pakhomo. Iwo anakakamira kanyumba kawo kothinana ka ku Spinney Hill, ati kumeneko munthu ukagwa m'bafa woyandikana naye amamva kudzera m'khoma. Wogulitsa nyama wa pakona, Msilamu wa ndevu zoyera, anakangana naye zaka khumi pa nkhani ya mafupa, ati amawayika pansi pa mnofu poyeza. Tsiku la mwambo wa maliro munthuyo anatseka shopu, n'kudzaima kumbuyo m'tchalitchi muja chipewa chili m'manja. Abusa akatalikitsa ulaliki Anangozo ankakweza mkono n'kuloza wotchi, osabisa. Mwana wobadwira kuno akawayankha m'Chingerezi ankasanduka gonthi, kumangoti “Ati chiyani?” mpaka mwanayo atafukula Chichewa chake chopunduka.

Timu yathu ya ntchembere mbaye anaiyambitsa ndi iwo. Tinalipo manesi, osamalira okalamba, a ku Zambia awiri olankhula Chinyanja chawo chija, ndi ana athu aakazi amene anakula. Tinkasewera Loweruka masana m'holo ya sukulu ina, m'kaligi kakang'ono ka amayi a m'madera ozungulira. Anangozo ndiwo anali kochi, ndiwonso omanga mabala. Mpando wawo unali kreti yachikasu yosungiramo mabibu, timalaya tovala pamwamba posewera, imene ankaitembenuza n'kuikhazika pafupi ndi chitseko, pambali pa hita. M'khosi munkakhala chingwe chimodzi, pachingwepo wezulo ndi kachowengera zikhadabo.

Masewero asanayambe tonse tinkandanda kutsogolo kwa kretiyo manja titatambasula, ngati ana a sukulu ya pulayimale. Nesi wamkulu wolamula wodi yonse ankaima pamzere womwewo. Akapeza chikhadabo chotalika sankanyengerera, kaya munthu walipira ndalama zingati kokongoletsa.

“Iwe Felesiya,” ankandiuza ine, “makasu amenewa ukukalima nawo kuti? Bweretsa kuno.”

Dzina lawo lina, lakuseri, linali a Strasbourg. Linabwera chonchi. Atangopuma ntchito, bambo wina wa kutchalitchi kwathu boma linkafuna kumubweza kumudzi, ndipo loya wake anatchulapo za khoti la ufulu wachibadwidwe la mumzinda wa Strasbourg, kumene munthu amakasumira boma zikakanika m'makhoti onse a m'dziko. Nkhani ya bamboyo inatha, koma Anangozo zamakhotizo zinawalowa m'magazi. Ankakwera basi kupita ku laibulale, kukasindikiza zigamulo za masamba ambirimbiri, n'kumazidula mizere ndi cholembera chofiira, magalasi atamangidwa ndi bandeji mbali imodzi. Anzawo akamatsatira mafilimu a pa TV, iwo ankatsatira majaji. Ndipo poti mtima wawo unali pabwalo, imene inkawakoka kwambiri inali milandu ya zamasewero.

Tinkatopa nawo, ndisaname. Munthu wachokera ku shifiti ya maola khumi ndi awiri, ukumanga zingwe za nsapato, iwo ayambapo. Ankatiuza za osewera ena amene anakadandaula kuti akukakamizidwa kunena kumene adzakhale tsiku lililonse, n'cholinga choti oyeza mankhwala owonjezera mphamvu azitha kuwapeza n'kutenga mkodzo. Khoti linavomera kuti lamulolo likulowerera moyo wa munthu, koma linati chifukwa chake n'cholemera, choncho likhale. Pamenepo Anangozo ankavomereza monyinyirika. Ankatiuzanso za wothamanga wina wamkazi wa kwathu ku Africa, amene anauzidwa kuti azimwa mankhwala osintha thupi lake ngati akufuna kupikisana ndi akazi anzake. Khoti linati mayiyo mlandu wake sunamvedwe mokwanira, koma silinafike ponena kuti mlekeni athamange. Sabata imeneyo Anangozo anatukwana majaji ngati akuwaona, ati amuna ndi akazi ophunzira chotere angafike pakhomo n'kuopa kugogoda.

Komabe ankati m'mapepala onsewo anatolamo mafunso ochepa oti munthu aziyenda nawo m'thumba. Wina akakuletsa chinthu ponena kuti pali chiopsezo, umufunse kuti chiopsezocho n'chotani, chili kwa yani, ndipo wachiyeza ndani. Umufunse ngati palibe njira ina yotetezera anthu popanda kuchotsa wina ulemu. Umufunsenso ngati mwini wakeyo wamumva. Chitsanzo chawo chinali chikhadabo chomwechi. Chimakanda, aliyense akuchiona, ukawenga walowa m'bwalo, ndipo palibe amene wavula. Ife tinkangoti “Eya, Sisita,” maso ali pa mpira. Mafomu ounikira chiopsezo timadzaza tsiku ndi tsiku kuntchito, a wokalamba woti angagwe pabedi, a chitseko, ngakhale a ketulo, ndiye tinkaona ngati palibe chimene angatiphunzitse.

Tadala anabwera kuno ndi mayi ake ali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akuphunzira ku koleji. Mwana wamtali woti polowa m'nyumba za ku Spinney Hill ankawerama, wa mapewa otambalala, wa mawu aakulu ngati a malemu bambo ake. Ankasewera kumbuyo, kutchinga. Akaima pansi pa golo mashuta a matimu ena ankataya mtima mpira usanafike. Timu ina yaikulu ya ku Nottingham inali itamuona, n'kumuitana kuti adzayesedwe dzinja likatha, bola akhale akusewera m'ligi yovomerezeka. Mwanayo ankagona ndi kudzuka ndi nkhani imeneyo.

Loweruka lina analumphira mpira umodzi ndi shuta wa timu ya alendo. Mnzakeyo anatera molakwika n'kuthyoka padzanja. Zinali zachisoni, inde, koma ngakhale woyimbira masewero sanalize wezulo, chifukwa panalibe cholakwa. Anangozo ndi amene anamanga dzanjalo podikira ambulansi. Patatha masabata awiri kunabwera kalata yochokera ku komiti ya ligi, yaulemu kwabasi, ya mawu osalala ngati sopo. Inati pofuna kuteteza osewera ena, komiti yaunika chiopsezo, ndipo Tadala ayambe waima kufikira atabweretsa umboni wa wachipatala wotsimikiza kuti ndi mkazi. Kuseri kwake kunali fomu, pansi pake kabokosi koti dokotala kapena nesi asaine.

Koma abale! Mwana amene tinkamutuma mapadi kushopu limodzi ndi ana athu. M'ligi momwemo munathyokapo akakolo, munagulukapo mano, ndipo sitinamvepo kuti wina wafunsidwa chimene chili m'kati mwa siketi yake. Tinakwiya tonse, zimenezo n'zoona. Koma mkwiyo wathu unathera m'magulu a pafoni, ndipo pofika Lachitatu tinali titapeza nzeru imene mpaka lero ikandibwerera ndimamva kutentha kumaso.

Tinaganiza chikwathu. Kumudzi nkhani yotere imathera m'manja mwa amayi akuluakulu: amalowa m'nyumba ndi mtsikana, amaona, amatuluka, pakamwa pa anthu patsekeka. Ndiye tinati, timu yodzaza ndi manesi ngati ino, tivutikirenji? M'malo moti mwana akadikire masabata kuti akaonedwe ndi dokotala wachilendo, amuone mzamba wathu yemwe, asaine, Loweruka alowe m'bwalo. Tinkaona ngati tikumuchitira chifundo. Amake Tadala ndiwo anali patsogolo, ndipo sindiwaweruza. Mapepala awo okhalira m'dziko muno anali asanatuluke, ndiye chilichonse chokhala ndi chidindo chinkawanjenjemeretsa. Ankangobwereza kuti kwa eni kulibe mkuwe.

Anangozo sitinawauze. Tinkawadziwa. Tinapangana kuti tingowaitanira m'chipinda chosinthira zovala zonse zitakonzedwa kale, kuti achite manyazi kukana.

Linali Loweruka cha m'ma wani koloko, kunja kukuwaza kamvula kosatha ka kuno. M'chipindamo munali fungo la mankhwala okolopera. Ine ndinagwira nsonga imodzi ya chitenje, amake Tadala nsonga inayo, tinachitambasula pakona ngati katani. Tadala anali kuseri kwake. Anali atavula nsapato ndi malaya apamwamba, ataima pa matailosi ozizira ndi masokosi okha, manja atapingasa pachifuwa. Sanalire, sanakane. Anangoti, “Ngati ndi zimenezi, tiyeni tipange fasiti.”

Anangozo analowa akutsimphina, wezulo akulendewera. Anayang'ana chitenje, anayang'ana mapazi a mwana pansi pake, kenaka fomu imene inali pabenchi, cholembera chili pamwamba.

“Ichi n'chiyani?”

Amake Tadala anagwada, pa matailosi onyowa omwewo. “Sisita, tithandizeni. Mungomuona pang'ono basi, musaine. Inu ndi mayi wathu, kwa inu palibe manyazi.”

“Tadala,” Anangozo anaitana, osawayang'ana n'komwe mayiwo. “Vala.”

Mapazi aja pansi pa chitenje sanasunthe.

“Ndati vala, mwana iwe! Nsapato zomwe.”

Ine ndinayesa kuikapo mawu. Ndinati Sisita, tonse tikudziwa kuti ndi mkazi, n'kungokwaniritsa pepala chabe, mphindi imodzi yatha. Anatembenuka n'kundiyang'ana mmene sanandiyang'anirepo.

“Ngati ukudziwa, ukufuna kuonanso chiyani? Felesiya, iwe ndi nesi wa boma. Wagwira chitenje kuti mwana wa mnzako avule chifukwa mzimayi wina wamva mawu aakulu pabwalo? Lero avula Tadala. Mawa kubwera fomu ya mwana wako uja wopanda mawere, udzagwiranso chitenje?”

Ndinati nanga ndikasaina ndine, popanda kumuona n'komwe. Pamenepo ndiye ndinaputa mavu.

“Saina. Saina, ine Lolemba m'mawa ndikakunenera ku bungwe la manesi ndi pakamwa panga pano. Ukasaina wavomera kuti anali ndi ufulu wofunsa. Funso limeneli ndi limene lili lolakwika, osati yankho lake.”

Anatola fomu ija, osaing'amba, anaipinda bwinobwino n'kuiika m'chikwama pakati pa zigamulo zawo. Amake Tadala anayamba kulira mokweza, akuti mwatiphera mwana, inu mapepala muli nawo, ana anu ali pabwino. Tadala anatuluka kuseri kuja atavala, anadutsa pakati pathu osayang'ana munthu, n'kumenyetsa chitseko. Ine ndinatsala nditagwira chitenje changa ngati chitsiru.

Kuyambira tsiku limenelo inali nkhondo, ndipo Anangozo anaimenya okha. Ife tinawasala. Pamzere wa zikhadabo tinkaima mwakachetechete, kutchalitchi tinkawapatsa moni wa chala chimodzi. Tinkati gogo ameneyu akufuna kutchuka ndi mwana wa eni, akuona ngati holo ya sukulu ndi Strasbourg. Iwo ankalemba makalata pamanja, mwana wa woyandikana nawo n'kuwatayipira. Komiti inkayankha patatha mwezi, mizere itatu. Iwo ankabweza masamba anayi tsiku lomwelo. Pamapeto pake komiti inatopa n'kuitanitsa msonkhano, ndipo ine ndinapita nawo chifukwa chakuti panalibe wina wowanyamulira chikwama pokwera masitepe.

Anthu a komiti analipo asanu, amayi odzipereka okha, osalipidwa, ndipo sindinganene kuti anali afiti. Mlembi wawo, mayi wa tsitsi la imvi wolankhula motsitsa, anafotokoza kuti iwo alibe chifukwa ndi Tadala, kungoti pali dandaulo, pali munthu wovulala, ndipo a inshuwalansi amafuna kuona kuti komiti yachitapo kanthu. Anangozo anamusiya amalize. Kenaka anatulutsa mafunso awo aja limodzilimodzi, m'Chingerezi chawo cha ku mishoni chosathamanga. Anafunsa amene anayeza chiopsezocho, ndi chimene anayezera. Kunapezeka kuti palibe anayeza kanthu, fomu yawo younikira chiopsezo inadzazidwa pa thebulo la kukhitchini potengera kutalika ndi mawu. Anafunsa kuti mwa onse amene anavulazapo anzawo m'ligimo, ndi angati anafunsidwa umboni wotere. Panalibe ndi mmodzi yemwe. Anafunsa ngati anayamba aganizapo zongoonera mmene mwanayo amasewerera, kapena kufunsa woyimbira amene analipo. Anafunsa ngati wina mwa iwo anamuitanapo Tadala kuti amve mbali yake. Onse asanu anazyolika.

Mmodzi anayesa kudzitchinjiriza, ati makhoti akuluakulu amene mukutchulawo amaweruza maboma, alibe nthawi ndi kaligi ka Loweruka. Ndinkayembekeza kuti Anangozo apsa mtima, koma anaseka. Anati zimenezo akuzidziwa kuposa iye. Koma mvula ikagwa kuphiri, madzi amafika ndi kudimba komwe. Boma likadzudzulidwa limasintha malamulo, mabungwe a zamasewero amakonza mabuku awo, a inshuwalansi amawerenga, ndipo tsiku lina loya wa winawake adzafunsa komiti ino mafunso omwewa pamalo pamene sipadzakhala tiyi ndi mabisiketi. Kenaka anatulutsa fomu ija, anaitambasula pathebulo, n'kufunsa mlembiyo ngati iye angalole kuti mwana wake wamkazi aonedwe kuti kabokosi aka kadzazidwe. Mayi uja anafiira mpaka m'makutu.

Anapambana. Kalata inabwera yonena kuti komiti yachotsa chiletso, fomu ija yathetsedwa, ndipo mtsogolo muno wosewera aliyense wodandauliridwa aziyamba wamvedwa. Munalinso kachiganizo kopepesa, kamodzi, kakafupi. Koma inabwera patatha miyezi isanu ndi iwiri. Ligi inali itatseka. A ku Nottingham anali atayesa atsikana awo n'kusankha wina.

Anangozo anapita okha kukapereka kalatayo kwa Tadala, ine ndikuwaperekeza. Mwanayo anaiwerenga ataima pakhomo, osatilowetsa.

“Ndiye mwawina, agogo.”

“Wawina ndiwe, mwanawe.”

“Ayi. Mwawina ndinu. Ine ndaluza sizoni yonse. Mphindi imodzi ija bwenzi pano ndili ku Nottingham. Inu munandifunsa ine chimene ndinkafuna?”

 Funso la Anangozo lomwe lija, loti mwini wake mwamumva, linawabwerera pachipumi. Tinatsika masitepe. Pokwerera basi anangoti, “Mwanayu sakunama,” basi. Tadala sanabwerenso ku holo, ndipo Anangozo sanalankhule nayenso mpaka imfa.

Chimene chinkawayendetsa ndinachidziwa mochedwa, mtima utayamba kale kuwavuta. Ndinapita kukawaona Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Manja awo anali akunjenjemera, ndiye anandipempha, kapena ndinene kuti anandilamula, kuti ndiwawenge zikhadabo. Ndili pa chala chachitatu anayamba kulankhula, maso ali pawindo.

Anati ali nesi wachitsikana ankatumidwa ku sukulu ina ya atsikana yogonera konko, kumayambiriro kwa teremu iliyonse. Atsikana ankandanda atamanga zitenje m'chifuwa, iwo n'kumawafinya mawere ndi kuwadina pamimba mmodzimmodzi, kufufuza oyembekezera. Aphunzitsi ankati n'kuteteza mbiri ya sukulu ndi atsikana enawo. Tsiku lina anapeza mimba yolimba mwa mtsikana wa Fomu 3, amene ankathamanga kuposa onse pasukulupo. Mtsikanayo anati, Sisita, ine sindinagonepo ndi mwamuna. Iwo anamuyankha kuti onse amatero, n'kusaina. Mtsikanayo anachotsedwa sukulu tsiku lomwelo, sutikesi pamutu, anzake akusuzumira m'mawindo. Patapita miyezi abale ake anabwera naye kuchipatala, ndipo madokotala anapeza kuti chinali chotupa. Kusukulu sanabwererenso. Kwawo anali atamupezera kale mwamuna woti abise manyazi amene kunalibe.

“Siginecha yanga, Felesiya. Yokongola, ya ku mishoni. Zaka makumi anayi ndimaiona ndikatseka maso. Ndiye inu mundiyalire chitenje, mundipatse cholembera?”

Ndinafunsa chifukwa chimene sanamuuzire Tadala zimenezi, mwina akanamvetsa. Anandilanda dzanja.

“Kuti andimvere chisoni? Mwana uja ali ndi ufulu wondikwiyira. Chaka chake ndinadya ndine. Koma akwiye atavala.”

Ndicho chifukwa chake mawu a abusa aja anandiwawa. Kunena kuti Anangozo anali ofatsa n'kuwalanda chinthu chokhacho chimene anachilipirira potaya anzawo onse. Ofatsa tinali ife. Ofatsa ndi amene tinatambasula chitenje. Tinadzaza tchalitchi, tinasonkha za ndege, tinaimba mpaka mawu kusasa, koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene anaimirira kunena kuti mayi awa tinawasala miyezi isanu ndi iwiri chifukwa anakana kuvula mwana wathu. Inenso sindinaimirire. Tadala pamwambopo sanabwere, ndipo amake anakhala kumbuyo, kufupi ndi wogulitsa nyama uja.

Loweruka lotsatira ndege itanyamuka, ligi inali itatsegulanso, ndipo tinapita ku holo chifukwa sitinadziwe kwina kopita. Kreti yachikasu inali pamalo pake, pafupi ndi chitseko. Chingwe chawo chija chinali chikulendewera pa paipi ya hita pamene anachikoleka tsiku lomaliza kubwera, wezulo ndi kachowengera. Tinapezeka tandanda kutsogolo kwake mwachizolowezi, manja ali pansi, osadziwa woti atiyang'ane.

Chitseko chinatseguka, n'kulowa munthu akuwerama. Tadala, atavala yunifolomu yathu, nsapato zomanga kale. Sanapereke moni. Anapita pa hita, anakolola chingwe chija, anawenga zikhadabo zake ataimirira pomwepo, chimodzichimodzi, holo yonse ikumva kulira kwa kachitsuloko. Atamaliza anabwezera chingwe pa paipi. Mlembi wa ligi, mayi wa imvi uja, anali pathebulo lake ndi kaundula wa osewera. Tadala anapita n'kumutambasulira manja onse awiri pamaso, n'kumuuza m'Chingerezi kuti aone zala khumi izi, chifukwa n'zokhazi zimene adzaone. Mayi uja anayang'ana, anagwedeza mutu, n'kuchonga dzina.

Anasewera ngati munthu amene ali ndi mlandu ndi mpira. Ku Nottingham sanaitanidwenso, ndipo sindikudziwa ngati anawakhululukira Anangozo. Sindinamufunse, ndilibe nkhope yofunsira.

Papita miyezi tsopano, koma pakretipo sipanakhalebe munthu. Mabibu timatengera m'jumbo kuti tisaitembenuze. Hita imangolira yokha pambali pake, chingwe chili pa paipi, ndipo wezulo uja palibe wamuika pakamwa. Aliyense amawenga zikhadabo kunyumba asanabwere. Holo ikadzaza anthu amakhala pansi, ena amatsamira khoma, malo oti munthu n'kukhala ali poyera. Ana amati tikulemekeza malemu. Ine ndikudziwa china. Manesi asanu ndi awiri, ndi masatifiketi athu onse, timailambalala kreti ija chifukwa tikuopa kuti wokhalapo angatifunse kuti tsiku lija chitenje anagwira ndani.